Jombo ya Kumanzere

Nsapato ya kumanja inavuka bwinobwino, koma ya kumanzere inakana. Amayi anaikoka atakhala m'mphepete mwa bedi, akukukuta mano, mpaka inatuluka itasupula khungu pa fupa la chala chachikulu. Zinali nsapato zakuda zatsopano zimene mwana wawo wamkulu anagula kuti avale pa maliro a bambo ake. A Sajeni, mwamuna wawoyo, anali ataikidwa m'manda, alendo anali atabalalika, mipando yobwereka inali itabwerera kwa eni ake, koma nsapatozo zinali zisanaleke kuluma. Amayi anadabwa nazo. Moyo wawo wonse wa pabanja ankadzitama kuti ali ndi diso posankha nsapato, chifukwa ngakhale fupa la phazi lawo la kumanzere linali lotuluka ngati mfundo ya chingwe, panalibe nsapato yogula okha imene inawazunza nthawi yaitali. Iliyonse inkaluma masiku oyambirira kenako n'kugonja.

Pakhonde, wamkuluyo ankakambirana ndi mlongo wake, mzime wa m'nyumbamo, ndi mawu aja anthu amaganiza kuti ndi otsitsa pomwe khoma likumva zonse. Nkhani inali ya chipinda cha kuseri, kutsidya kwa kabwalo koyanikapo zovala, ndi mkulu amene ankakhalamo.

Mkuluyo sanali mbale wawo. A Sajeni anabwera naye nkhondo itangotha, mwana wamkulu uja akukwawa, n'kunena kuti mnzawoyo akhala pang'ono mpaka phazi lake lipole. Phazilo silinapole, wamkulu anamera imvi, mlendo uja ali pomwepo. Ana anakula akuwatchula kuti a Kuseri. Amayi ankawatchula kuti alamu, milomo itapotoka pang'ono, ndipo anzawo akawafunsa ankayankha kuti iwo anavomera mwamuna mmodzi koma anawonjezeredwa wina wa basera.

Tsopano wamkulu anali atawapezera a Kuseri malo ku nyumba yosungirako asilikali okalamba, mumzinda wina wakutali. Bedi linalipo, anamwino analipo, ndipo galimoto inali yoti ibwere Loweruka. Chipindacho ankafuna achipente, aikemo munthu wa lendi, kuti amayi ake asamayembekeze ana pa chilichonse. Sanali munthu woipa mtima. Anali munthu wotopa, wokhala ndi nyumba ziwiri pamutu.

"Bambo akanakhala moyo simukanayerekeza, achimwene," anatero mzime.

"Bambo kulibe. Iwe Lolemba ukwera basi kubwerera kwa mwamuna wako. Beseni lija alinyamula ndani?"

Kukana n'kosavuta tikiti ya basi ili m'chikwama. Amayi anayang'ana phazi lawo losupukalo, ndipo mumtima anagwirizana ndi mwana wawo wamwamuna. Apite. Anachita manyazi ndi mmene mawuwo anabwerera msanga, koma sanawabweze.

Beseni limene ankanenalo linali lachitsulo, loyera, lophwanyika utoto m'mphepete, ndipo linkakhala pa msomali kunja kwa khitchini. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka, a Sajeni ankawiritsa madzi m'ketulo, n'kutenga beseni, thaulo ndi kasizasi, n'kudutsa pakabwalo ndi kuyenda kwawo kotsimphina. Amayi ankaona zonse pawindo la khitchini: mwamuna wawo, munthu amene pamsewu anyamata ankamuvulira zipewa, atagwada pa simenti, akupisa chigongono m'madzi, akuvula sokosi za mwamuna mnzake, akusuzumira pakati pa zala ngati wataya singano. Amayiwo anabereka ana, mapazi akutupa ngati mabuledi. Anaima zaka zambiri akusita zovala za alendo pa hotela, kuchokera m'mawa mpaka madzulo, n'kubwera kunyumba zidendene zikuyaka moto. Beseni linkawadutsa pakhomo la khitchini likupita kuseri. Zimene iwo ankalandira zinali polishi basi. Loweruka lililonse a Sajeni ankatolera nsapato zonse za m'nyumba, kupita nazo kuseri, n'kubwera nazo tsiku lotsatira zikuwala. Amayi ankati ndi matenda a usilikali, kukonda zonyezimira. Nkhani ya beseniyi inawapweteka zaka zonsezo, ndipo imfa sinaichotse. Ankalira mwamuna wawo, komanso anali asanamukhululukire.

Chimwalirireni a Sajeni, beseni linali pa msomali pake. Chakudya amayi ankachitumiza kuseri ndi mzime, ndipo mbale zinkabwerera zitangolawidwa.

Tsiku lotsatira masana kunabwera mlendo wovala jekete yokhala ndi kabaji pachifuwa. Anali Mejala wopuma ntchito, amene pa maliro anaimira gulu la malemu. Anati akulemba mbiri ya Birigedi Yachinayi, gulu lalikulu la asilikali oyenda pansi limene a Sajeni anamenyeramo nkhondo, ndipo akusonkhanitsa zinthu zokaika m'chipinda cha chikumbutso. Iye mwini analowa usilikali nkhondo itatha, choncho zambiri ankazidziwa za m'mapepala ndi za pakamwa pa okalamba, amene ankatha mofulumira kuposa mmene iye ankalembera. Kwa a Sajeni anabwerako kawiri ali moyo, koma ulendo uliwonse ankangomwetsedwa tiyi n'kuuzidwa za mitengo ya malalanje.

Amayi anamulandira pabalaza atavala nsapato zoluma zija, pakuti mlendo wa jekete salandiridwa ndi patapata. Wamkulu anatulutsa mamendulo, koma a Mejala anati mamendulo ali nawo ambiri. Chimene ankafuna chinali jombo. Mbiri yonse ya birigediyo, anatero, ili pa ulendo umodzi wobwerera m'mbuyo, ndipo anamva kuti a Sajeni anasunga jombo zimene anayendera ulendowo.

Wamkulu anakakoka bokosi lachitsulo pansi pa bedi la makolo ake, n'kubwera nazo zitakulungidwa m'thumba la pilo. Ataziika patebulo, nkhope yake inagwa. Ya kumanja inali yaikulu, ya phazi la bambo ake ndithu. Ya kumanzere inali yaing'ono moonekeratu, yofufuma m'mbali ngati inadyetsedwa mokakamiza. Anayamba kupepesa kuti mwina zinasokonezeka posamuka, kuti bambo masiku omaliza ankaiwala zinthu.

A Mejala sanamve n'komwe kupepesako. Anazitembenuza, kuyang'ana pansi pake, kenako anayamba kufotokoza ngati munthu amene wanena nkhani imodzi kwa mabanja ambiri ofedwa. Birigediyo inali itagwira gombe la mtsinje wina waukulu pamene mlatho unaphulitsidwa kumbuyo kwake. Inali nyengo ya mvula. Malole anatitimira m'matope, asilikali anawatentha kuti adani asawatenge, ndipo amuna zikwi zingapo anayamba kuyenda pansi kulowera kumapiri, jombo zosauma usana ndi usiku. Zipolopolo zinapha ambiri, koma mapazi anapha ochuluka. Phazi likakhala m'madzi nthawi yaitali limayera, limatupa, limawola mwini wake akuyenda, ndipo amene walephera kuyenda ankasiyidwa pansi pa mtengo ndi botolo la madzi. Mkulu wa birigedi ataona kuti gulu likutha popanda kumenyana, analamula kuti asilikali akhale awiriawiri. Msilikali sankaloledwa kudzisamalira mapazi yekha, chifukwa munthu wotopa amadzinamiza. Pakaimidwa paliponse, usanadye, usanasute, unkavula jombo za mnzako, kumupukuta, kuyang'ana pakati pa zala, n'kumuveka sokosi zimene waziumitsa pamimba pako, mkati mwa malaya. Phazi la munthu likawola, wolangidwa anali mnzakeyo.

Atatero anakweza maso n'kufunsa ngati alipo akudziwa amene anali mnzawo wa a Sajeni pa ulendowo. Ana anayang'anana. Amayi anayang'ana jombo yaing'onoyo kwa kanthawi.

"Ali kuseri," anatero.

Onse anadutsa pakabwalo, akuwerama pansi pa chingwe cha zovala, amayi pambuyo akutsimphina. Chipindacho chinali choyera bwino, bulangete litapindidwa molunjika, koma munali kafungo kamene kale kunalibe. A Kuseri anali pampando pafupi ndi windo, atavala sokosi zokhuthala. Pafupi ndi chitseko panali chikwama chomanga kale. Makoma a nyumba imeneyo sankasunga chinsinsi kumbali zonse ziwiri.

Ataona jekete ya mlendo anafuna kuimirira, koma a Mejala anawagwira paphewa. Ataona jombo m'manja mwa wamkulu, anangoloza pansi pa bedi ndi ndodo. Mzime anagwada n'kutulutsa zina ziwiri: ya kumanja yaing'ono, ndi ya kumanzere yaikulu, yong'ambidwa ndi mpeni m'mbali.

Nkhani yawo a Kuseri anaifotokoza mosakometsa, akuyang'ana pansi. Iwo ndi a Sajeni sanasankhane. Anangopezeka ataima moyandikana tsiku limene lamulo linawerengedwa, ndipo sankakondana kwenikweni, chifukwa a Sajeni anali munthu wouma pakamwa. Pakati pa ulendo phazi la kumanzere la a Kuseri linatupa moti m'mawa wina jombo inakana kulowa. Gulu linali litayamba kale kunyamuka. Iwo anali atasankha ndi maso mtengo woti akhale pansi pake. A Sajeni anakhala m'matope, anavula jombo yawo yaikuluyo, anaing'amba m'mbali, n'kuwaveka. Kenako analowetsa phazi lawo m'jombo yaing'ono ija, akuliponda ngati akupha njoka, ndipo anayenda nayo mpaka kumapiri. Atafika anachita kuidula zingwe kuti ivuke, ndipo zikhadabo zinatsalira mu sokosi. Kutsimphina kuja ana ankati ndi chipolopolo kunali jombo imeneyo.

Phazi la a Kuseri linapulumuka koma linafa dzanzi mpaka kalekale. Msomali ukanalowa osaumva. Ndiye linkafuna maso a munthu wina tsiku lililonse. Wamkulu anafunsa mofatsa chifukwa chake bambo ake sanawapititse kuchipatala cha asilikali nkhondo itatha, m'malo modzimangirira katundu wotere moyo wonse.

"Palibe anabwera kudzatiuza kuti lamulo lija latha," anayankha a Kuseri.

A Mejala anaseka pang'ono, kenako analeka. Anavomera kuti mapepala a birigedi anawawerenga onse, ndipo pepala lothetsa lamulo limenelo sanalionepo. Mwina mkati mwa chisangalalo cha kutha kwa nkhondo palibe analikumbukira.

Amayi nthawi yonseyi sankayang'ana jombo. Ankayang'ana sokosi ya kumanzere ya a Kuseri, imene pa chidendene inali ndi banga lofiirira, louma, lomatirira kukhungu. Anauza mzime kuti aivule. Inavuka movutikira, ndipo pansi pake panali chilonda chozungulira, chonyowa, choyamba kutulutsa mafinya. Mwini wake anachiyang'ana ngati cha munthu wina. Anati mwina ndi kamwala kamene kanalowa m'nsapato kumanda, ataima nthawi yaitali ija.

Wamkulu anapuma mozama n'kunena kuti izi ndi zimene wakhala akunena, kuti kumene akupitako kuli anamwino. A Kuseri sanatsutse. Anati mwanayo akunena zoona, kuti akhala nthawi yaitali pakhomo pa eni, ndipo mnzawo wapita, ndiye awiriawiri aja atha. Galimoto ikabwera Loweruka iwapeza okonzeka. Jombo zinayizo a Mejala atenge, koma akaziike pamodzi, asazisiyanitse monga mwa kukula kwake, chifukwa anthu a m'maofesi amakonda kulongosola zinthu.

Anthu atayamba kutuluka, mkuluyo anaitana ndi mawu otsika.

"Alamu, nsapato mwavalazo mundisiyire lero. Ndakuonani pawindo, zikukudyani pafupa."

Amayi anaima pakhomo. Anafunsa mouma kuti za mapazi awo iwo akuzidziwa bwanji.

A Kuseri anaoneka odabwa kuti akufunsidwa. Anati nsapato iliyonse yatsopano imene amayi ankagula inkagona m'chipinda chomwecho Loweruka. A Sajeni ankanyowetsa chikopa mkati, pamalo pa fupa paja, n'kuchikankha pang'onopang'ono ndi msana wa supuni mpaka chitafufuma, kenako n'kutsendera nsanza yonyowa kuti chigone chitatambasuka. M'mawa ankachotsa nsanza n'kupaka polishi. Umo ndi mmene ankafewetsera jombo zatsopano ku birigedi. Nsapato za ana ankangozipukuta kuti za amayi zisapite zokha.

"Bwanji sanandiuze?"

"Ankati beseni anakubweretserani kamodzi, muli ndi pakati pa mwana wachiwiri amene sanakhale moyo uja, inu n'kunena kuti si inu msilikali wawo, beseni la mnzawo alibweze komwe lachokera." Mkuluyo anasisita mutu wa ndodo yake. "Ndiye msilikali njira ya kutsogolo ikatsekedwa, amazungulira."

Amayi anatembenuka. Anadutsa pakabwalo, anadutsa pabalaza pamene wamkulu ankakulungira mlendo jombo, analowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Mawu aja anawakumbukira. Anawanena madzulo ena a kutentha, ali ndi mkwiyo wa munthu wolemedwa, ndipo pofika m'mawa anali atawaiwala. Mwamuna wawo anawasunga ngati lamulo, pakuti munthu ameneyo chilichonse chonenedwa mokweza ankachisunga ngati lamulo, ndipo panalibe anabwera kudzamuuza kuti latha.

Anagwada n'kukoka nsapato zawo zonse pansi pa bedi. Zofiirira za kumsika, zakuda zakale za ku hotela zimene ankakana kutaya, zoyera za pa ukwati wa mzime. Anapisa chala chachikulu cha dzanja mu iliyonse ya kumanzere, ndipo mu iliyonse, pamalo amodzimodzi, chala chinagwera m'kadzenje kosalala, kofewa, kokwana fupa lawo ndendende. Kunja sikankaoneka, polishi anakabisa. Diso lawo lija losankha nsapato linali supuni ya m'khitchini mwawo momwe.

Kukhoma kwenikweni kunali bokosi la nsapato zabuluu zimene amayi anagula pamene a Sajeni anali atangoyamba kudwala, n'kuziiwala chifukwa cha maulendo a kuchipatala. Anali asanazivalepo. Atatsegula, ya kumanja inali yopanda kanthu. Mu ya kumanzere munali nsanza yotsenderedwa zolimba, youma gwa, yong'ambidwa ku malaya amkati a mwamuna wawo. Inali yokhota, yosafika bwino pamalo pake, ntchito ya manja amene anali atayamba kunjenjemera. Munthuyo anainyowetsa, anaiika, ndipo m'mawa wochotsa nsanza unamupeza ali m'chipatala.

Pa maliro amayi analira monga namfedwa amalirira pakati pa anthu. Apa analira okha, atakhala pa simenti, nsapato ili pamiyendo, kulira kopanda mawu kopweteka m'nthiti. Analira chifukwa cha zaka zimene anaima pawindo la khitchini akuwerengera mwamuna wawo mlandu, nsapato zofewa zili kumapazi. Nsanzayo sanaichotse. Anabweza nsapato m'bokosi n'kutseka.

Atatuluka, mlendo anali atapita ndipo dzuwa linali litapendeka. Anavala zofiirira za kumsika zija. Anaika ketulo pamoto, anatenga thaulo loyera, mchere pang'ono, kasizasi ndi nsalu yomangira chilonda m'kabati. Beseni atalichotsa pa msomali linasiya chizindikiro chozungulira pakhoma, ndipo mkati mwake munali fumbi ndi tsamba louma. Analitsuka.

Wamkulu anaima pakhomo la khitchini, foni ili m'manja. Anati a galimoto akufuna kudziwa nthawi yoti afike Loweruka.

"Uwauze asabwere."

"Amayi, chilonda chija mwachiona. Inunso mwakula. Izi ndi za tsiku lililonse, si za lero lokha."

"Mawa upite nawo kuchipatala akachione, ukabwere nawo konkuno. Chipindacho chili ndi mwini wake."

Wamkulu anafuna kunenanso, koma anayang'ana nkhope ya amayi ake n'kubweza foni m'thumba. Ankadziwa, ndipo amayi ankadziwanso, kuti lendi ija inkafunika, kuti mawondo awo sadzapirira simenti zaka zambiri, ndiponso kuti tsiku lina nkhani yomweyi idzabweranso. Mzime anatambasula manja kuti anyamule beseni, amayi anakana ndi mutu.

Anadutsa pakabwalo pang'onopang'ono kuti madzi asatayike, nsapato zakuda zatsopano zija atazipana m'khwapa, supuni ili m'thumba la diresi. A Kuseri anali pampando pomwe paja, chikwama chili pakhomo. Amayi anachikankhira pambali ndi phazi. Anaika beseni pansi, anapereka nsapato ndi supuni m'manja mwa mkuluyo, ndipo iye anazilandira n'kuyamba kufufuza mkati mwa ya kumanzere ndi chala.

Amayi anayala thaulo, anagwira mwendo wa bedi n'kugwada, bondo limodzi kenako linalo. Nthunzi inkakwera m'beseni. Phazi limene linali patsogolo pawo silikanawauza ngati madziwo akuwotcha. Anapinda mkono wa diresi mpaka pamwamba, anawerama, n'kupisa chigongono m'madzimo.